Mliri wa Covid-19 udatseka feira za maboti, koma ogula adachuluka

Madzulo a pa 10 Setembro 2020, mumzinda wa Southampton, kummwera kwa dziko la England, zonse zidali zitakonzeka. Maboti oposa 200 adali atafika kale, ena atamangiriridwa pamilatho yoyandama, ena atatsitsidwa pamalole ndi kuikidwa pamtunda. Mahema adali atazikidwa, matikiti atagulitsidwa, ndipo antchito ankangopukuta magalasi podikira alendo. Chionetserocho chinkayenera kutsegulidwa m'mawa mwake ndi kuchitika kwa masiku 10. Koma dzuwa litapendeka, khonsolo ya mzindawo idalamula kuti zipata zisatsegulidwe chifukwa cha matenda a Covid-19.

Southampton ndi umodzi chabe mwa mizinda yambiri ya ku Ulaya, America ndi Australia imene idataya zionetsero zake za maboti pakati pa 2020 ndi 2022. Chodabwitsa nchakuti m'zaka zomwezo maboti adagulidwa kwambiri kuposa zaka zambiri zam'mbuyo. Amene adavutika zedi ndi anthu amene chakudya chawo chimachokera pakusonkhana kwa khamu.

Msika wa chaka chonse

Kwa msodzi wa ku Metangula kapena wa padamu la Cahora Bassa, boti ndi chida cha ntchito, monga khasu kwa mlimi. M'mayiko olemera muli maboti a mtundu wina, amene anthu amagula kuti azikapumulirapo, kuwedza nsomba mongosangalala kapena kuchita mipikisano. Ena amayenda ndi injini, ena ndi matanga okankhidwa ndi mphepo. Alipo ang'onoang'ono okwera anthu awiri, ndipo alipo akuluakulu okhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi bafa.

Maboti otere sagulitsidwa m'sitolo ngati njinga. Amagulitsidwa pa feira zikuluzikulu zimene zimachitika kamodzi pachaka, monga mmene FACIM imachitikira ku Ricatla, m'boma la Marracuene. Kampani yopanga maboti imabwera ndi mitundu yake yatsopano, wogula amakwera, amagwira chiwongolero, amatsegula makabati, amayerekeza ndi boti la kampani ina limene laima pambali pake, kenako amapereka chikole. Zikole zimenezi ndi zimene zimauza fakitale kuchuluka kwa maboti oti ipange, zipangizo zoti igule ndi anthu oti ilembe ntchito. Nchifukwa chake zionetsero zambiri za ku Ulaya zimachitika kuyambira Setembro mpaka Janeiro, kuti boti likhale litatha pofika nyengo yotentha ya kumeneko, imene imayamba chapakati pa chaka.

Kuseri kwa ogulitsa maboti kuli gulu lalikulu la anthu amene wogula sawaona. Pali akalipentala omanga mashedi, amagetsi, oyendetsa malole, alonda, osesa, ophika zakudya, eni mahotela ndi oyendetsa matakisi. Palinso amalonda ang'onoang'ono ogulitsa zingwe, nangula, majekete oyandamitsa munthu, nsapato ndi zovala za mvula, amene masiku 10 a feira amawapatsa gawo lalikulu la ndalama zawo za chaka.

Khamu lomaliza ku Düsseldorf

Chionetsero chachikulu koposa cha maboti chochitikira m'nyumba ndi cha ku Düsseldorf, m'dziko la Germany, chimene chimatchedwa boot Düsseldorf ndipo chidayamba m'chaka cha 1969. Mzindawu uli kutali ndi nyanja, choncho maboti akuluakulu amabwera kudzera mumtsinje wa Rhine, ndipo makina onyamula zolemera amawavuula ndi kuwalowetsa m'maholo. Mu Janeiro 2020, kuyambira pa 18 mpaka pa 26, kudafika alendo pafupifupi 250,000 ndi ogulitsa pafupifupi 1,900. Anthu adapatsana moni wa m'manja, adadzazana m'tizipinda ta maboti, adadyera pamodzi popanda nkhawa. Pa 27 Janeiro, tsiku limodzi feirayo itatsekedwa, dziko la Germany lidatsimikiza wodwala wake woyamba wa Covid-19 kufupi ndi mzinda wa Munich.

Chionetsero cha ku Miami, ku America, chidachitikabe mu Fevereiro. Zitatero zinthu zidasintha mofulumira. Feira ya ku Dubai, imene inkayembekezeka mu Março, idaimitsidwa, ndipo ya ku Palm Beach idatsatira. Pa 11 Março bungwe loona za umoyo padziko lonse, la OMS, lidalengeza kuti matendawa asanduka mliri wa dziko lonse. Miyezi yotsatirayo mbiri idali imodzimodzi: Sydney ku Australia, Monaco, Cannes ku France, Annapolis ku America, Amsterdam kumene kumagulitsidwa zipangizo za maboti, ndi Paris, konseko zionetsero za 2020 sizidachitike. Cha ku Cannes chidaletsedwa ndi woimira boma m'chigawocho mu Agosto, kutatsala masabata ochepa kuti chiyambe.

Chifukwa chake chidali chosavuta kumva. Kachilombo ka corona kamafala kudzera m'mpweya ndi timadontho totuluka munthu akamapuma, kulankhula kapena kutsokomola, makamaka pamalo otsekeka. Feira ya maboti imasonkhanitsa anthu ochokera m'mayiko ambiri, ndipo imawalowetsa mosinthanasinthana m'tizipinda topapatiza, momwe anthu atatu sangaime motalikirana. Komanso malire a mayiko adali otseka, ndipo wobwera kuchokera kunja ankayenera kubindikira kwa masiku 14.

Zimene zidachitika ku Southampton

Chionetsero cha ku Southampton nachonso chidayamba mu 1969, ndipo chimachitikira pabwalo la Mayflower Park, m'mphepete mwa doko. Pazaka zabwinobwino chimalandira anthu pafupifupi 100,000. Bungwe la British Marine, limene limaimira makampani a maboti m'dzikolo ndipo ndilo limakonza feirayi, litaona kuti khamu lotere silingaloledwe, lidasiya chionetsero chachikulucho ndi kukonza china chaching'ono chotchedwa BOATS2020. Chimenechi chidali choti chichitikire panja, matikiti ogulidwiratu, anthu olowa mowerengeka, pafupifupi 20,000 pamasiku 10 onsewo.

Koma kumayambiriro kwa Setembro chiwerengero cha odwala m'dziko la Britain chidayambanso kukwera, kufika pafupifupi 3,000 patsiku. Pa 9 Setembro nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, a Boris Johnson, adalengeza lamulo loletsa anthu oposa 6 kusonkhana pocheza, loti liyambe pa 14 Setembro. Tsiku lotsatira khonsolo ya Southampton, potsatira malangizo a mkulu wa zaumoyo mumzindawo, idaletsa BOATS2020 pamodzi ndi chionetsero china chaching'ono chimene chinkakonzedwa padoko la Ocean Village.

A British Marine, amene mtsogoleri wawo adali mayi Lesley Robinson, adadandaula kuti adatsata zonse zimene adauzidwa, ndipo kuti ogwira ntchito a khonsoloyo adali atayendera malowo tsiku lomwelo. Adakadandaula ku boma lalikulu ku London, koma chigamulo sichidasinthe. Mbali ya khonsolo idali yakuti udindo wake woyamba ndi kuteteza miyoyo ya anthu okhala mumzindawo, ndipo kubweretsa alendo zikwizikwi kuchokera m'madera ena pamene matenda akukwera kukadakhala kuika anthuwo pangozi.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo. Panthawiyo katemera kudalibe, ndipo miyezi yotsatirayo idaonetsa kuti mantha a azaumoyo sadali opanda pake, pakuti mu Novembro dziko la England lidalowanso m'bindikiro. Koma kwa ogulitsa, chowawa chidali nthawi imene uthengawo udafikira. Kusamutsa boti lalikulu kumafuna lole yapadera, makina okwezera ndi antchito odziwa. Ndalama zimenezo zidali zitatuluka kale, pamodzi ndi za mashedi, malo ogona ndi katundu wogulidwira feirayo. Loti likhale tsiku loyamba la malonda lidasanduka tsiku lopasula mahema.

Si mizinda yonse imene idatseka. Ku Genova, m'dziko la Italy, chionetsero chidachitika kuyambira pa 1 mpaka pa 6 Outubro 2020, matikiti akugulitsidwa pa intaneti pokha, olowa akuyezedwa kutentha kwa thupi pachipata ndi kuvala zophimba pakamwa ndi mphuno. Ku Fort Lauderdale, ku America, adachitanso chawo kumapeto kwa mwezi womwewo. Mliri udali umodzi, koma boma lililonse linkayeza mwa njira yakeyake pakati pa ngozi ya matenda ndi njala ya malonda.

Maholo a feira asanduka zipatala

Pamene maboti sankaonetsedwa, malo ena oonetsera adapatsidwa ntchito ina. Ku London, holo yaikulu ya ExCeL, imene idakhala ikulandira chionetsero cha maboti cha mzindawo kuyambira 2004 mpaka 2018, idasandutsidwa chipatala cha odwala Covid-19 chotchedwa Nightingale, chimene chidatsegulidwa pa 3 Abril 2020. Ku Miami Beach nakonso, holo ya misonkhano imene idakhala ikuonetsa maboti kwa zaka zambiri idaikidwa mabedi a chipatala mwezi womwewo.

Amisiri a maboti nawo adasintha ntchito. Osoka matanga m'mayiko angapo, amene ali ndi makina osokera nsalu zolimba, adayamba kusoka zophimba pakamwa ndi zovala zotetezera anamwino. Kumpoto kwa Italy, kumene zipatala zidadzaza mu Março 2020, akatswiri a kampani ya Isinnova ya ku Brescia adatenga chigoba chovala kumaso posambira, chogulitsidwa m'masitolo a Decathlon, ndi kuchilumikiza ku makina a mpweya kuti chithandize odwala obanika.

Mafakitale ambiri adaima kwa masabata angapo. Ku Britain boma lidakhazikitsa ndondomeko yolipira 80 peresenti ya malipiro a wantchito amene wakhala panyumba, kufikira mapaundi 2,500 pamwezi. Ngakhale zidali choncho, kampani ya Sunseeker ya mumzinda wa Poole, imodzi mwa zikuluzikulu zopanga maboti a injini m'dzikolo, idalengeza pakati pa 2020 kuti ichotsa antchito oposa 400. Ku Cape Town, m'dziko la South Africa, kumene kampani ya Robertson and Caine imapanga maboti a matanga okhala ndi mitengo iwiri yoyandama, ambiri mwa iwo ogulitsidwa kunja, ntchito idaimanso pamene m'bindikiro udayamba pa 27 Março 2020.

Moyo wa tsiku ndi tsiku pamadzi

Eni maboti adakumana ndi malamulo amene sadawaganizirepo. Ku England m'bindikiro woyamba udalengezedwa pa 23 Março 2020, ndipo madoko ang'onoang'ono osungirako maboti adatsekedwa. Munthu sankaloledwa ngakhale kupita kukaona ngati boti lake likuchucha. Pa 13 Maio adaloledwa kubwerera pamadzi, koma masana okha ndiponso ndi anthu a m'nyumba mwake. Kugona m'boti kudaloledwa kuyambira pa 4 Julho.

Amene mliri udawapeza ali paulendo wautali panyanja adavutika mwa mtundu wina. Zilumba zambiri za m'nyanja ya Pacific ndi ya Caribbean zidatseka madoko, ndipo mabanja ena adakhala masabata ambiri ataponya nangula, osaloledwa kutsika kupatula pokagula chakudya. Vuto lalikulu koposa lidagwera amalinyero a sitima zonyamula katundu. Bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja lidati pofika Setembro 2020, amalinyero pafupifupi 400,000 adali atapitirira nthawi ya makontirakiti awo koma sankatha kubwerera kwawo. Kugombe lakummwera kwa England, anthu ankaona sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo, zimene kawirikawiri zimanyamukira ku Southampton, zitangoima panyanja miyezi yambiri zopanda wokwera.

Masewera adasinthanso. Mpikisano wa ku Cowes, wina wochokera ku Sydney kupita ku Hobart, ndi wopalasa wa mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, yonse sidachitike mu 2020. Wa mayunivesitewo udachitika mu Abril 2021 kufupi ndi tauni ya Ely, popanda oonerera. Mpikisano wa Vendée Globe, umene munthu amazungulira dziko lonse ali yekha m'boti, udayamba pa 8 Novembro 2020 ku Les Sables-d'Olonne, ku France, magombe ali pululu chifukwa dzikolo lidali m'bindikiro.

Ogulitsa adaphunzira njira zatsopano. Wogulitsa ankalowa m'boti ndi foni m'manja, nkumaonetsa wogula chipinda chilichonse pa vidiyo, wogulayo ali kunyumba kwake. Makampani ena adakonza zionetsero za pa intaneti. Ena ankaitana ogula kumadoko awo, banja limodzi panthawi imodzi, ndipo boti linkapukutidwa ndi mankhwala banja lina lisadakwere. Njira zimenezi zidathandiza makampani akuluakulu odziwika kale, pakuti wogula ankawafunafuna yekha. Wamalonda wamng'ono, amene amadalira kuti munthu wodutsa aime pa shedi yake, adalibe pogwira. Kalipentala womanga mashedi ndi mayi wophika chakudya pa feira, ntchito yawo siyenda pa foni.

Chifukwa chimene ogula adachulukira

M'bindikiro utayamba kufewa pakati pa 2020, ogulitsa adadabwa kuona anthu akubwera ambiri. Ku America, bungwe la makampani opanga maboti la NMMA lidati m'chaka cha 2020 mudagulitsidwa maboti atsopano a injini oposa 310,000, chiwerengero chimene chidali chisadaonekenso kuyambira mavuto azachuma a 2008. Ambiri mwa ogulawo adali oyamba kumene kukhala ndi boti.

Zifukwa zake zidali zingapo. Ndege zidali zitaima, mahotela, malo odyera ndi mabwalo a mpira adali otseka, choncho mabanja amene malipiro awo sadaime adapezeka ndi ndalama zimene akadagwiritsa ntchito paulendo wa tchuthi. Pamadzi pali mphepo, ndipo banja limakhala palokha, kutali ndi anthu ena, zimene zinkagwirizana ndi malangizo a azaumoyo. Ambiri ankagwirira ntchito kunyumba ndipo adali ndi nthawi. Chiwongoladzanja cha ngongole m'mabanki chidalinso chotsika kwambiri.

Posakhalitsa vuto lidatembenuka: ogula adalipo, maboti ndiwo adasowa. Mafakitale ankagwira ntchito ndi anthu ochepa kuti atalikirane. Injini ndi tizipangizo ta makompyuta zidasowa padziko lonse. Mu Fevereiro 2021 chisanu choopsa chidaimitsa mafakitale a mankhwala ku Texas, kumene kumachokera zina mwa zinthu zopangira pulasitiki yolimba ya maboti, ndipo mu Março sitima ya Ever Given idatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6. Ogula ena adadikira kupitirira chaka kuti alandire boti lawo, ndipo mitengo ya maboti ogwiritsidwapo kale ntchito idakwera.

Apa ndi pamene mliri udaonetsera kusiyana kwa anthu. M'mzinda umodzi womwewo, wina ankadandaula kuti boti lake latsopano likuchedwa, pamene wina, amene ankapeza ndalama poimika mahema pa feira, adatha chaka osagwira ntchito yake.

Kuno ku Moçambique

Ngakhale dziko lino lilibe zionetsero za maboti zoterezi, kutsekedwa kwa malo osonkhanirako si nkhani yachilendo kwa anthu a kuno. Wodwala woyamba adatsimikizidwa pa 22 Março 2020, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Filipe Nyusi, adalengeza Estado de Emergência kuyambira pa 1 Abril. Sukulu, matchalitchi, mizikiti ndi malo omwera mowa zidatsekedwa, ndipo panthawi zina anthu adaletsedwa kupita kumagombe. Mu Setembro chaka chomwecho dziko lidalowa mu Situação de Calamidade Pública. Feira ya FACIM sidachitike mu 2020, idabweranso mu 2021. Kusiyana kwake nkwakuti wogulitsa wa pamsika wa kuno adalibe boma lomulipira 80 peresenti ya zimene ankapeza.

Mu Novembro 2021 akatswiri a ku South Africa ndi Botswana adadziwitsa dziko za mtundu watsopano wa kachilomboka, umene udatchedwa Omicron. Mayiko a Britain ndi America adaika ziletso pa maulendo ochokera kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Moçambique ndi Malawi. Ziletsozo sizidaletse Omicron kufala ku Ulaya, ndipo ndi mtundu womwewu umene udatsekanso zipata za ku Düsseldorf.

Kubwerera kwa zionetsero

Katemera atayamba kuperekedwa, ku Britain mu Dezembro 2020 ndipo kuno mu Março 2021, feira zidayamba kubwerera imodzi imodzi. Mu Setembro 2021 Cannes, Monaco ndi Southampton adatsegulanso, pakuti zionetsero zawo zimachitikira panja, pamadzi. Ku Düsseldorf, kumene zonse zimachitikira m'maholo m'nyengo yozizira, zinthu zidachedwa. Chionetsero cha Janeiro 2021 chidasunthidwira ku Abril, kenako chidalephereka. Cha Janeiro 2022 chidaletsedwa kumapeto kwa Dezembro 2021, kutatsala masabata ochepa, pamene akuluakulu a chigawo cha Nordrhein-Westfalen adakhwimitsa malamulo chifukwa cha Omicron.

Kugula kochuluka kuja sikudakhalitse. Kuyambira 2022, mitengo ya zinthu ndi chiwongoladzanja zitakwera, ndiponso ndege zitayambanso kuuluka, malonda a maboti atsopano ku America adayamba kutsika. Zina mwa njira za nthawi ya mliri zidatsalira, monga kugula matikiti pa intaneti, kupangana nthawi yokwera boti ndi kuonetsa katundu pa vidiyo. Koma zidaonekanso kuti munthu wofuna kutulutsa ndalama zambiri amafuna kuponda m'boti ndi mapazi ake, ndi kuyang'anizana ndi womugulitsa.

Feira ya ku Düsseldorf idatsegulanso pa 21 Janeiro 2023, patatha zaka zitatu chitsekere zipata zake, ndipo pa 5 Maio chaka chomwecho bungwe la OMS lidalengeza kuti Covid-19 sidalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale kachilomboka sikadathe. Alendo adabwerera pafupifupi mofanana ndi kale. Ogulitsa adali pafupifupi 1,500, pamene mu 2020 adali 1,900.